Ndani anakafikapo pa mlatho wa Victoria Falls kuchokera kuno ku Mchinji?

Abale anga, ndigawireni nzeru. Bambo anga akwanitsa zaka 70 mu Ogasiti, ndipo chiyambire kale nkhani yawo ndi ya mlatho wa pa Victoria Falls, uja wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe. Kalendala yakale yokhala ndi chithunzi chake anakana kuichotsa pakhoma, mpaka m'mbali munadyedwa ndi chiswe. Chitsulo chopindika ngati uta, pansi phompho, Zambezi akuchita thovu kutali uko. Unamangidwa mu 1905, ndipo kuchoka pamwamba kufika pamadzi ndi mamita 128. Iwo akamva zimenezi amangopukusa mutu.

Ndikufuna ndiwaperekeze akauone ndi maso. Njira ndi ya pa Mwami, Chipata, Lusaka, kenako Livingstone, koma mawondo awo savomera kukhala m'basi tsiku lonse. Inu amene munayendako, munagona ku Lusaka kapena munangolumikiza? Kuti munthu akaime pakati pa mlatho kuchokera ku Zambia, pasipoti amadinda kapena amangopereka kapepala? Nanga kuchoka pa boda kukafika pamlathopo, mkulu woyendera ndodo angakwanitse wapansi?

Zodumpha ndi chingwe zija musanditchulire n'komwe, amayi akangomva ulendo watha.