Guluu wanji angagwire chitenje pa positikhadi?

Abale ndi alongo muli kuno ku Joni, ndithandizeni nzeru.

Ndinalowa m'kagulu kotumizirana mapositikhadi ndi anthu oti sitidziwana. Wina amajambula pang'ono n'kutumiza, wolandirayo amawonjezera zake n'kupatsira wina, mpaka khadi litadzaza. Si zatsopano ayi, katswiri wa zojambula Ray Johnson wa ku New York ankachita zoterezi m'ma 1960.

Mwezi watha ndinalandira la mayi wina wa ku Portugal, atapenta nyanja ndi bwato lopanda munthu. Ine ndinapempha tizidutswa ta chitenje kwa atelala ena ku Yeoville, n'kudula ngati usipa, ndinamata pansi pa bwatolo. Litafika kwa wachitatu ku Japan, usipa wonse unali utamatuka, kwangotsala mabala a guluu. Manyazi ake!

Ndiye guluu uti amene sachoka m'njira? Kapena ndingosoka ndi ulusi? Khadilo ndi laling'ono, masentimita 10.5 ndi 14.8, ndiye ndikuopa singano ingaling'ambe m'mphepete. Envelopu sindikuifuna kwenikweni, chifukwa chidindo cha ku positi chimakoma chikamenya pakhadi penipeni. Amene munayesapo, ndiuzeni chonde.