Ndingalimbitse bwanji simenti ya mafupa osatseka timabowo take?

Akuluakulu nonse a m'gulu lino, ndabwera kudzapempha nzeru, makamaka kwa madokotala a mafupa ndi akatswiri okonza zipangizo zoika m'thupi. Ndine wophunzira, ndipo kafukufuku wanga ndi wokonza simenti ya calcium phosphate yodzazira mpata umene umatsala fupa likaphwanyika kwambiri kapena chotupa chikachotsedwa. Ndikudziwa kuti fupa lodulidwa pachiuno cha wodwala mwiniwake ndilo limagwira bwino kuposa china chilichonse, koma silipezeka lochuluka, ndiponso limasiya bala lachiwiri limene ena limawapweteka kwa miyezi yambiri, ndipo ichi ndicho chimandipatsa khama pa ntchitoyi.

Mavuto anga ndi awiri. Maselo ndi mitsempha ya magazi zimafuna timabowo tosachepera mamilimita 0.1, ndipo ambiri amalimbikitsa 0.3 kapena kuposerapo, koma ndikasiya timabowo totere zidutswa zanga zimafumbutuka ndikangozipanikiza pa makina oyesera. Ndikatichepetsa zimalimba, koma fupa latsopano lidzasowa polowera. Lachiwiri n'lakuti ndikamakankha phala la simentiyi mu sirinji, madzi amatsogola kutuluka, ufa n'kutsalira m'kati utagwirana. Kodi ndiyambe ndi liti, nanga simentiyi iyenera kulimba kufika pati?

Katswiri wa zipangizo:
Achimwene, za sirinjizo musathamangire kuwonjezera madzi, chifukwa madzi otsalawo amasiya timipata ting'onoting'ono tofooketsa simenti, chonsecho maselo sangalowemo. Yesani kusungunula sodium citrate m'madzi osakanizirawo, pakuti amachititsa tinthu ta ufa kukankhana, phala n'kumayenda bwino ndi madzi ochepa. Mungaikenso pang'ono chitosan kapena hydroxypropyl methylcellulose kuti madziwo azinanda, asamasiyane ndi ufa. Koma za timabowo, ine ndimaona kuti sitiyenera kukhalapo tonse pa tsiku la opaleshoni. Mukasakaniza timibulu tosungunuka, monga ta mannitol kapena ta calcium sulfate amene amatha m'thupi m'masabata owerengeka, simenti imalowa ili yodzaza, ndipo timabowo timatseguka pambuyo pake.

Dokotala wa mafupa:
Ndikuyankhani monga munthu amene amagwira zinthuzi manja ali magazi okhaokha. Fupa lolimba la kunja limapirira mphamvu yoposa ma MPa 100 (MPa ndi muyeso wa mphamvu yopanikiza), pamene la m'kati lokhala ndi timabowo tambiri limapirira pakati pa 2 ndi 12. Musataye zaka pofuna kufika pa lakunjalo, chifukwa choumba chilichonse chokhala ndi timabowo tambiri sichingafikepo, komanso chimakhala chophweka kusweka chikapindidwa. Pamalo onyamula thupi timamanga ndi zitsulo, ndipo ndizo zimasenza katundu mpaka fupa litalumikizana. Simenti yanu ikafanana ndi fupa la m'kati, yagwira ntchito yake.

Chimene chimativutitsa ife ndi china. Ndinagwiritsapo ntchito simenti ina imene mu labotale inkayamikiridwa, koma itangokumana ndi magazi inayamba kukokoloka isanaume, moti tinaichotsa n'kuyambiranso wodwala ali chigonere. Choncho muziyesa kuuma kwake m'madzi ofanana ndi a m'thupi pa madigiri 37, osati pa tebulo louma. Tipatseni nthawi yokwanira yosakaniza ndi kuika, koma ikalowa iume m'mphindi ngati 10 mpaka 15. Isatenthenso pouma monga imachitira simenti ya pulasitiki yotchedwa PMMA, pakuti madigiri 47 kwa mphindi imodzi yokha amatha kuwononga maselo a fupa.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri a dokotala, kunena zoona zidutswa zanga zonse ndakhala ndikuziumitsa pa mpweya, ndipo sabata ino ndiyambiranso m'madzi. Nditsale ndi funso limodzi: ngati zitsulo ndizo zimasenza katundu, kodi chodzazira mpatacho chikhalitse m'thupi mpaka liti? Ndisankhe chosatha m'thupi kapena chosungunuka?

Katswiri wa zipangizo:
Chikhale mpaka fupa litafika, kenako chizichoka pang'onopang'ono. Pa mitundu ya calcium phosphate, hydroxyapatite imatha kuonekabe pa X-ray patapita zaka zambiri, pamene beta-tricalcium phosphate imasungunuka msanga, ndipo n'chifukwa chake okonza timibulu towotcha amakonda kuzisakaniza, magawo 60 a yoyamba ndi 40 a yachiwiri. Kwa inu a simenti, yang'anani mtundu wa calcium phosphate umene umapangika ikauma: ikasanduka apatite idzachedwa kutha, ikasanduka brushite idzatha mofulumira koma imakhala yofookerapo. Yambani mwafunsa madokotala kuti mpata umene mukufuna kudzaza uli pa fupa liti ndipo ndi waukulu bwanji, chifukwa wa pansagwada ndi wa pansi pa bondo sizingafune simenti imodzi.