Zolinga za chaka chatsopano pa kukongoletsa m'nyumba

Wofunsa, ku Matawale: Akuluakulu, chaka chino ndatsimikiza mtima kukonzanso pabalaza panga, koma ndalama ndi zochepa. Kodi ndiyambire pati?

Kalipentala, ku Chinamwali: Mayi, musathamangire kupenta mu Januwale, chifukwa kuno ku Zomba makoma amagwira chinyezi nthawi ya mvula ndipo penti imasupuka msanga, dikirani mpaka Juni. Ineyo ndalumbira kuti sindidzagwiritsanso ntchito matabwa a paini osauma, popeza shelefu imene ndinakhomera kasitomala wina chaka chatha inapindika isanathe miyezi itatu, moti manyazi anandigwira.

Telala, ku Sadzi: Yambani ndi kuchotsa katundu wosafunika. Kwathu makatani a chitenje ndi mkeka wa mlaza zasintha maonekedwe a pabalaza, ngakhale apongozi anga akuti pakuoneka ngati tikusamuka.