Katemera wa HPV: ndimulole mwana wanga abayidwe kapena ayi?

mayi_wa_atatu

Moni nonse. Ndithandizeni maganizo chifukwa mutu wanga waima. Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 wabwera dzulo kuchokera kusukulu akuti azaumoyo abwera kudzabaya katemera wa khansa ya khomo la chiberekero, ndiye makolo tidziwe. Ine ndinalibe nazo vuto koma apongozi anga atangomva akanitsitsa, akuti jakisoni ameneyo ndi wolera mwanayo sadzabereka, komanso eti bwanji akubaya atsikana okha anyamata osawakhudza. Bambo ake angoti uwona wekha basi nkutuluka.

China chikundisowetsa tulo ndi chakuti achemwali anga aakulu anawapeza ndi matenda omwewa chaka chatha, anayamba nkutaya magazi pakati pa mwezi mpaka anawachotsa chiberekero chonse, ndiye chipsera cha pamimba chachikulu zedi pomwe ine ndimamva kuti kunja amangoboola timabowo nkulowetsa kamera. Anawalakwira kapena? Nanga iwowo katemerayu angawathandize panopa?

namwino_wopuma

Mayi pepani ndi za achemwali anuzo. Ndiyambe ndi funso lomalizalo poti ndi lalifupi: ayi, katemerayu sachiza. Amatchinga kachilombo kasanalowe, kakalowa kale ntchito yake palibe. Ndiye nchifukwa chake amathamangira ana a zaka 9, sikuti akuwaganizira zoipa ayi, akufuna chitetezo chikhalepo kale nthawi yodziwa amuna isanafike. Komanso thupi la mwana wa msinkhu umenewu limapanga asilikali ambiri kuposa la munthu wamkulu akabayidwa jakisoni yemweyo.

Kachilomboka ndi HPV, kamafala pogonana, ndipo nkofala moti anthu ambiri amakatenga nthawi ina pamoyo wawo osadziwa nkomwe, thupi limakachotsa lokha pakatha chaka kapena ziwiri. Vuto limabwera kakakhazikika, pang'onopang'ono kamasintha maselo a pakhomo la chiberekero ndipo pamatha zaka 15 kapena 20 kuti ifike pokhala khansa. Mitundu yake ilipo yambirimbiri koma iwiri, 16 ndi 18, ndi imene imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 ya khansa imeneyi. Amene anatulukira zimenezi ndi dokotala wa ku Germany, Harald zur Hausen, anzake ankaganizira kachilombo kena kotchedwa herpes iye nkumati ayi ndi HPV, mpaka anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2008.

Tsono za kusabereka. Mu botolomo mulibe mankhwala olera, mulibenso kachilombo kamoyo. Amangotenga puloteni imodzi ya pachikopa cha kachilomboko, amaitcha L1, imadzisonkhanitsa yokha nkuoneka ngati kachilombo koma mkati mulibe kanthu, ngati chikhokhombe cha mtedza. Thupi likaona limayesa mdani wafika nkupanga asilikali, basi nkhani yathera pomwepo. Katemerayu anayamba kubayidwa mu 2006, atsikana oyambawo pano ndi azimayi ana awo ali kusukulu. Kuno kwathu anayamba kuyesera ku Rumphi ndi ku Zomba mu 2013, dziko lonse linayamba mu Januwale 2019. Chimene chimalanda mayi chiberekero ndi khansayo, mwaziona nokha pakhomo panu.

Za anyamata apongozi anu afunsa bwino ndithu. Ku Australia anayamba kuwabaya mu 2013, ku UK mu 2019. Kwathu kuno ndi nkhani ya ndalama ndi kuchepa kwa katemera, ndiye amayambira amene akufa.

wa_ku_Joni

Ine sindine wa zachipatala koma ndifunseko. Mesa ku Japan anauletsa katemera ameneyu? Dziko lolemera ngati lija silingangoletsa chinthu popanda chifukwa. Ndiye pano ndikumvanso kuti jakisoni mmodzi ndi wokwanira pomwe wa kwathu anabayidwa kawiri, poyamba ankati katatu. Kodi sikungotipatsa zochepa poti ndife amphawi?

namwino_wopuma

Achimwene, ku Japan sanaletse. Mu 2013 boma lawo linangosiya kulimbikitsa atamva madandaulo a atsikana ena pa TV, katemerayo anali alipobe, koma makolo anachita mantha ndipo obayitsa anatsika kuchoka pa 70 pa 100 kufika pansi pa 1 pa 100. Anafufuza zaka ndithu osapeza kuti katemera ndiye ankadwalitsa, mu Epulo 2022 anayambiranso kulimbikitsa mpaka kuitana amene anaphonya aja. Pamene iwo ankadikira, ku Sweden anatsatira atsikana ndi amayi pafupifupi 1.7 miliyoni, zotsatira zinatuluka mu 2020, amene anabayidwa asanakwane zaka 17 khansayi inatsika ndi 88 pa 100.

Za jakisoni mmodziyo zinatulukira mwangozi mukudziwa. Ku India kafukufuku anaimitsidwa pakati mu 2010 atsikana ena atangobayidwa kamodzi, ofufuza anapitiriza kuwatsatira nkupeza kuti ndi otetezeka ngati anzawo. Kenako anachita dala kafukufuku ku Kenya, KEN SHE, ndi wina ku Mwanza ku Tanzania, wa ku Kenyayo anapeza kuti jakisoni mmodzi amatchinga mitundu iwiri ija kuposa 97 pa 100. Mu 2022 a WHO anavomereza. Ndipo si za amphawi ayi, Australia ndi England nawonso anasinthira ku jakisoni mmodzi mu 2023. Kupatula mwana amene ali ndi HIV, ameneyo amafunika awiri, zikatheka atatu, ndiye mukapita muwauze azaumoyo asangobaya nkutseka buku.

dotolo_mawa

Ndili chaka chachisanu ku koleji ya zaudokotala, ndiyankheko za opaleshoniyo poti palibe waikhudza. Mayi, achemwali anu sanawalakwire, mwina anawachitira chabwino kwambiri. Nane ndinkaganiza ngati inu kuti timabowo ndiye zamakono, ndipo pa matenda ena ambiri a amayi ndi zoona, munthu amachira msanga magazi satayika ambiri. Madokotala aku America ankachita choncho zaka zambiri pa khansa ya khomo la chiberekero aliyense akukhulupirira kuti nzofanana. Ndiye kunabwera kafukufuku wotchedwa LACC, anatsogolera Pedro Ramirez wa ku chipatala cha khansa cha MD Anderson ku Houston, amayi oposa 600 anawagawa pawiri, ena kung'amba pamimba ena timabowo. Zotsatira mu 2018 zinadabwitsa eni akewo: patatha zaka zinayi ndi theka, ong'ambidwa 96.5 pa 100 khansa inali isanabwerere, a timabowo 86 pa 100 basi. Kafukufukuyo anachita kumuimitsa asanamalize kulemba anthu, ndipo zipatala zikuluzikulu zinabwerera ku mpeni. Ndiye chipsera chimenecho asachite nacho manyazi, ndi opaleshoni yomwe akanawachita ku Houston konko.

Chofunika panopa asamadumphe masiku owaonanso, zaka ziwiri zoyambazi ndi pomwe imakonda kubwerera. Ndipo inuyo mayi mwayezetsa liti? VIA, njira yoyezera popaka viniga pakhomo la chiberekero, ndi ya mphindi zochepa, akaona poyera amawotcha tsiku lomwelo ndi kachipangizo kotentha, simugona nkomwe mchipatala.

ndinasiya2021

Ndiwonjezereko kamodzi kamene anthu satchula, fodya. Ine ndili pa ma ARV ndipo anandiuza kuti ife chiopsezo chathu cha khansa imeneyi ndi pafupifupi ka 6 kuposa anzathu, ndiye pamwamba pake ndinkasutanso mobisa, ndudu zanga ndinkabisa mu thini ya mchere. Atandipeza ndi poyera paja anandiwotcha, adokotala nkundiuza kuti utsi umafooketsa chitetezo pakhomo la chiberekero pomwepo moti HPV sachoka msanga. Kusiya kunandivuta heavy, ndinagwa katatu, sabata yoyamba mutu kuwawa kukalipira ana popanda chifukwa. Chinandithandiza ndi gulu lathu la tsiku lotenga mankhwala, ndinangoulula pamaso pa onse ndiye mayi mmodzi anayamba kundiimbira madzulo aliwonse nthawi imene chibaba chimandigwira. Ngati achemwali anu amasuta kapena kuika wa mkamwa musawanyoze, muzingowaimbira.

mayi_wa_atatu

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Za VIA mwandigwira, ndinayezetsa komaliza mimba ya wachiwiri isanabwere, ndipita Lachinayi. Mwana ndamuuza adye phala mmawa azikabayitsa. Apongozi sindilimbana nawo ndekha, achemwali anga avomera kubwera Loweruka adzacheze nawo okha awaonetse chipseracho. Koma a namwino, mkono ukatupa ndimupatse panado kapena ndingomusiya?