Hard drive yogwiritsidwapo ntchito ija ndagula

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati hard drive yakunja (chipangizo chosungira mafayilo cholumikiza ku kompyuta ndi chingwe) yokonzedwanso ndi yodalirika. Ndinatsatira malangizo a achimwene ena amene anandiyankha, oti ndipite ndi laputopu kusitolo pakati pa tauni ndikaiyese ndi CrystalDiskInfo, pulogalamu yoonetsa ngati disiki ili bwino, ndisanalipire.

Yoyamba inaonetsa "Caution", Reallocated Sectors Count itakwera, kutanthauza kuti mbali zina za disiki zinawonongeka kale. Ndinaisiya. Yachiwiri, ya 1TB, inaonetsa "Good", ndiye ndinaigula. Kunyumba H2testw, pulogalamu ina yoyesera disiki, inaidzaza yonse n'kuiwerenganso, vuto palibe.

Windows ikaonetsa 931GB m'malo mwa 1TB (1,000GB) musadandaule, sanakubereni, ndi kawerengedwe chabe. Hard drive ikamadukaduka pa kompyuta, yambani mwasintha chingwe cha USB, nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo. Lisiti musataye: kuno ku South Africa, lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act limapereka miyezi 6 yobwezera katundu wowonongeka wogula kusitolo.