Kodi ndisiye uphunzitsi kuti ndikatumikire Ambuye ku Niassa?

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupempha nzeru zanu. Mpingo wathu wandipempha kuti ndikalalikire Uthenga Wabwino pakati pa Ayao ku Niassa, m'dziko la Mozambique, kwa zaka zitatu, ndipo kuvomera kukutanthauza kusiya ntchito ya uphunzitsi imene imadyetsa mayi anga, omwe ndi amasiye, ndi kulipirira sukulu azing'ono anga awiri. Pa Luka 14:33 Yesu akuti amene sasiya zonse ali nazo sangakhale wophunzira wake, komabe pa 1 Timoteyo 5:8 Paulo akuti wosasamalira a pabanja pake wakana chikhulupiriro. Inu amene munadutsamo kale, mavesi awiriwa munawagwirizanitsa bwanji? Kodi ndikulakwa ndikapempha mpingo kuti uyambe walonjeza kusamalira mayi ndisanapereke yankho langa?