Kapinga wandidyera ndalama ku Matawale

Bambo a Tadala (Johannesburg): Akuluakulu, mwaswera bwanji uko? Nyumba ija ku Matawale, ku Zomba, inatha, ndiye ndinauza alamu anga adzale kapinga bwalo lonse, kutengera wa kwa abwana kuno ku Randburg. Pano mayi akunyumba akuti bilu ya madzi yaposa ndalama ya ndiwo, chonsecho kapingayo wafiira ngati anamuwaula. Amathirira m'mawa ndi madzulo osadumphitsa. Inu a m'magadeni, tithandizeni.

Che Mdala (Cape Town): Pepani achimwene. Bwalolo ndi lalikulu bwanji, nanga mbewu yake anaitenga kuti?

Bambo a Tadala: Mamita 10 uku, 10 uku. Akuti ndi kapinga wa mtundu wa kikuyu.

Che Mdala: Ndiye mwaweta njovu pakhomo. Kikuyu nthawi yotentha amafuna madzi pafupifupi mamilimita 25 pa sabata kuti akhale wobiriwira. Pa bwalo lanulo ndi malita 2,500, kapena tinene zigubu za malita 20 zokwana 125, sabata iliyonse. Ife kuno tinaona zakuda mu 2018, nthawi ya Day Zero, madzi atatsala pang'ono kutheratu mumzinda muno, pamene munthu ankaloledwa malita 50 okha patsiku ndipo kuthirira ndi madzi a pampopi kunali koletsedwa. Dona wanga ankaima m'beseni posamba, ine n'kumatuta madziwo kukathira pa mitengo ya mandimu. Kapinga tinangomusiya. Anauma gwa, ukaponda kumangomveka tswatswa, ine n'kumati ntchito yandithera. Mvula ya mu Juni itagwa, mbali imene panali kweek inaphukanso yokha. Kweek ameneyo si wachilendo ayi, ndi kapinga wathu yemwe uja wa pabwalo la mpira ku Songani. Ndani anamuthirirapo? Chilimwe amangogona, mvula yoyamba wadzuka.

Che Mdala: Chinanso, awuzeni alamu asiye zowaza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Mizu imazolowera kukhala pamwamba, dzuwa likangoswa mtengo yapsa. Athirire kokwanira kamodzi kapena kawiri pa sabata, mbandakucha. Akatha abaye chitsulo pansi: chikalowa kutalika kwa chikhatho osavuta, madzi afika. Potchetcha asamete mpala, asiye udzu wotalika ngati zala zitatu kuti dothi likhale pamthunzi.

aNaphiri (Muscat): Kkkk a Tadala, mumafuna Matawale ikhale Sandton, dera la anthu olemera la ku Joni lija? Koma wina asakunamizeni za kapinga wa pulasitiki. Pano pomwe ndikugwira ntchito alipo. Kuthirira safuna, zoona, koma masana sungapondepo opanda silipasi, amawotcha ngati chiwaya cha chipisi. Fumbi lake ndimachita kutsuka ndi paipi, ndiye madzi aja apulumuka pati?

Wa ku Jali (Israel): Bambo, ine za kapinga sindidziwa, koma ku famu kuno chilichonse ndi mthirira wa m'dontho. Paipi yakuda imadutsa patsinde, madzi kumangodontha pamizu pokha, pakati pa mizere pali gwa. Kwathu mutha kuyerekeza ndi botolo la malita awiri: boolani timabowo tiwiri kunsi ndi msomali wotentha, kwirirani pafupi ndi mtengo kukamwa kuli kunja, muzidzaza likatha. Amayi anga ku Jali mapapaya awo akupirira choncho, ndipo mukudziwa kutentha kwa kufupi ndi Chilwa.

Ankolo a ku Chinamwali: Ndakhala ndikungowerenga. Ine ndinagwira m'magadeni ku Joni zaka zambiri, ndili kuno kumudzi tsopano, ndipo nzeru za kumeneko zina zinandigwetsa. Ndinaphimbira maluwa ndi mapesi ndi utuchi monga tinkachitira ndi makungwa kwa azungu. Sabata ziwiri, chiswe chinamanga mpaka pakhoma la nyumba. Zotsala apongozi anasesa, amvekere mukuitana njoka. Simungawatsutse, kwathu bwalo losesa mbee ndiye ulemu wa pakhomo. Pano ndimatenga mankhusu a mpunga ku chigayo, sawola msanga, ndipo ndimathira mozungulira mitengo basi, kutali ndi khoma, osagunditsa patsinde. Podutsa anthu ndinayala zidutswa za njerwa zotsala pomanga. Kumtunda kumene madzi a m'phiri amatsikira ndinadzala mzere wa vetiva, dothi linasiya kukokoloka. Kapinga ndinasiya kachigawo kongokwana mphasa zitatu, pokhala alendo.

Che Mdala: Ankolo anena zoona. Onjezani alovera m'mbali mwa mpanda, ameneyo ngakhale mumuiwale mwezi sadandaula. Kuno kuli kamtengo kena amati spekboom, umangothyola nthambi n'kuzika, koma musayerekeze kukabisa m'chikwama, pa Mwanza zomera zimafuna mapepala.

aNaphiri: Madzi otsukuluzira zovala asamataye, azithira pa kapingayo mosinthasintha malo. Koma a Jik ndi otsukira mbale zamafuta ayi. Pa ndiwo zamasamba asathirenso.

Bambo a Tadala: Zikomo nonse, ndatumiza zonsezi kunyumba. Ankolo, Loweruka alamu akupezani aone za vetivayo, mukawagawireko mbewu.

Ankolo a ku Chinamwali: Abwere ndi thumba ndi khasu, asanafike 8 koloko. Kukatentha ine sindikumba.

Bambo a Tadala: Ayankha kale mayi a Tadala. Akuti za mphasa zitatuzo agwirizana nazo, kwinako alamu atipule mawa, adzalapo mpiru ndi tomato. Akutinso ndalama ya bilu ya mwezi uno nditumize ndisanagone.

aNaphiri: Kkkkk tumizani bambo, ndi yochotsera yomwe.